Amene alibe mfumu adzawalemba ndani?

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, inayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo inakonzedwa poganizira moyo wakumudzi, kumene anthu amasonkhana pabwalo, komiti n'kutchula mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, mfumu n'kuvomereza kuti ikuwadziwa. Kumudzi njira imeneyi imayendako ndithu. Nkhawa yanga ili pa anthu okhala m'mphepete mwa tauni ya Kasungu, m'tinyumba ta lendi ta zidina, amene palibe mfumu ingaimirire n'kunena kuti awa ndi anthu anga.

Ena mwa iwo anabwera kudzalima fodya m'maesiteti kuchokera kutali ngati ku Mulanje ndi ku Machinga. Lamulo la m'chaka cha 2021 linathetsa utenanti, ndipo linachita bwino, koma silinapatse munthu malo olima kapena ndalama yobwererera kwawo. Mukalowa m'makomo amenewa mupeza agogo ndi zidzukulu zawo m'chipinda chimodzi chotchinga ndi chiguduli, mbaula ili pakhomo, chimbudzi n'cha mabanja onse apabwalopo. Lendi ikawavuta amasamuka usiku, kotero kuti dzina lolembedwa nthawi yadzinja limapezeka lilibe mwini pofika nthawi yokolola. Ndiye kalembera wa thandizo akafika, amene amadziwika kwa atsogoleri a m'dera ndi mwini nyumba, osati wochita lendi amene wagona ndi njala.

Malamulo oteteza ana tili nawo kuyambira mu 2010, ndipo nambala yaulere ya 116 yoimbira mwana akamachitiridwa nkhanza ilipo, koma mwana amene akutumidwa kukagulitsa mandasi pa depoti mpaka usiku alibe foni, komanso sadziwa kuti zimene zikumuchitikirazo ndi mlandu. Amafunika munthu woyenda wapansi, wodziwika nkhope, amene angagogode pakhomo n'kukhala pansi. Anthu oterewa alipo kale: amayi odzipereka a sukulu zamkombaphala, alangizi a zaumoyo, ndi ogwira ntchito yoteteza ana m'madera. Amayi a mkombaphala amadziwa mwana amene wasiya kubwera kudzadya phala, ndiponso amadziwa chifukwa chake, chikhalirecho ambiri mwa iwo salandira malipiro ndipo pamisonkhano yokonza mapulani saitanidwa kawirikawiri.

Sindikunyoza mabungwe, koma ambiri amakonda kupita kumene mfumu ingawasonkhanitsire anthu pansi pa mtengo tsiku limodzi, zithunzi n'kujambulidwa. Ntchito ya m'makomo a lendi ndi yapang'onopang'ono ndipo siioneka bwino pa lipoti.

Chimene ndikupempha khonsolo ya Kasungu ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu n'chakuti kalembera wa m'madera amenewa azichitika khomo ndi khomo, azilemba wogona m'nyumbamo osati mwini wake, ndipo azibwerezedwa pafupipafupi chifukwa anthuwa sakhalitsa malo amodzi. Oyenda m'makomowo apatsidwe njinga ndi kandalama ka sopo mwezi uliwonse, ndipo ndalama yake ilembedwe mu bajeti ya khonsolo, isamadikire mabungwe.