Munabwera kudzamvera oimba, kapena kudzajambula zilombo?

Ndakhala ndikudziletsa kulemba izi kuyambira Lolemba, koma mtima wakana kuphwa, choncho ndilankhule basi. Tsikulo, pa 26 Ogasiti 2024, ndinatenga mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira kuliza vayolini kusukulu, kupita naye ku Royal Albert Hall mumzinda wa London, kumene gulu la BBC National Orchestra of Wales linkaimba nyimbo za m'sewero la pa kanema la Doctor Who. Matikiti tinagula miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndipo mtsikanayu ankawerenga masiku ngati akudikira Khirisimasi. Kutsogolo kwathu kunakhala bambo wina wamkulu ndithu, amene anatukula foni yake m'mwamba kuyambira pachiyambi. Ma Dalek ndi ma Cyberman, zilombo za m'seweroli, akatulukira n'kumayenda pakati pa anthu, iye ankakhala chete n'kumajambula mwakhama, koma zilombozo zikangochoka, oimba n'kutsala okha, ankatembenukira kwa mnzake n'kuyamba kumuonetsa zimene wajambula, uku akuseka mokweza ngati ali pabwalo la mpira. Pamene mavayolini anatsitsa mawu mpaka kutsala pang'ono kuzimirira, kwaya n'kuyamba kulowa pang'onopang'ono, ine ndinali kumva nkhani ya batire la foni yake. Ndinamugwira paphewa n'kunena mwaulemu kuti, “Bambo, chonde, mwanayu akufuna kumva nyimbo.” Anandiyang'ana modabwa, n'kuyankha kuti zimenezi ndi nyimbo za pa TV chabe.

Mawu akuti chabe amenewo ndi amene akundiwawabe mpaka lero. Anthu amene anali papulatifomu paja si wailesi imene munthu amaisiya ikulira uku akutsuka mbale. Ndi anthu amoyo, amene anayamba kugwira zipangizo zawo ali ana, ndipo atha zaka zambiri akubwereza mzere umodzi wa nyimbo mpaka zala kuchita zikang'a, kuti tsiku lina adzathe kuimba mogwirizana ndi anzawo makumi angapo ngati kuti onse akupuma ndi mapapo amodzi. Mtsikana wathu anali atapenyetsetsa dzanja la mayi wina wa vayolini, mmene linkanjenjemerera pansambo kuti liwu limodzi lokha litalike bwino, ndipo iye mwini ankasuntha zala zake pabondo motsanzira. Ndiye wina azilankhula pamwamba pa ntchito yoteroyo chifukwa chakuti nyimboyo anayamba kuimvera pa kanema? Chimenecho ndi chipongwe, ndipo sindipeza dzina lina loti ndichitchule.

Oimba ndiwo anali eni ake a tsikulo. Zilombo zija zinali alendo chabe, ndipo zinabwera chifukwa nyimbo zinalipo. Aliyense amene anaonererapo gule kumudzi amadziwa kuti wovina angavale zochititsa chidwi bwanji, ng'oma ikasiya kulira nayenso amaima. Amene anaonera Doctor Who kuyambira pamene inabwereranso mu 2005 akudziwa kuti misozi imene anakhetsa potsanzikana ndi anthu a m'seweromo inakokedwa ndi nyimbo za Murray Gold, amene anazipeka mpaka 2017 n'kudzabweranso mu 2023, ndiponso za Segun Akinola, amene anagwira ntchitoyi pakati pa zaka zimenezi. Mutachotsa nyimbozo, mutsala ndi munthu wothamanga m'makonde akuthawa chitini cholankhula. Tsiku limodzi lokha limene oimbawo atuluka kuseri kwa kanema n'kukhala pamaso pathu, kodi n'kovuta kutseka pakamwa n'kuwamvera?

Mwina vuto ndi mafoniwa, amene atizoloweza kuganiza kuti chinthu chimene sitinachijambule sichinachitike. Koma ine sindikuimba mlandu foni, chifukwa ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi makutu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo ya orchestra siipereka zabwino zake kwa munthu wopupuluma, ndipo malo ake okoma kwambiri ndi aja ofatsa, pamene holo yonse ya anthu oposa 5,000 imayenera kukhala zii kuti chitoliro chimodzi chimveke mpaka kumipando ya pamwamba. Munthu mmodzi wolongolola amabera anthu onse omuzungulira chinthu chimene sichidzabweranso, pakuti zoimbidwa pamaso sizibwezedwa m'mbuyo ngati za pa intaneti.

Sindikunena kuti ana asakuwe Dalek ikawayandikira. Akuwe ndithu, chifukwa makonsati a Doctor Who amenewa, amene anachitikanso mu 2008, 2010 ndi 2013, anakonzedwa kuti mabanja asangalale, ndipo cholinga cha Proms, chikondwerero cha nyimbo cha chaka ndi chaka chimene makonsatiwa ndi mbali yake, kuyambira pamene Robert Newman ndi Henry Wood anaiyambitsa mu 1895 chinali kufikitsa nyimbo za orchestra kwa anthu wamba. Mu 2008 anaikamo dala nyimbo za Holst, Wagner ndi Prokofiev kuti mwana wobwera kudzaona zilombo abwerere kwawo atamvako zina zatsopano. Koma ana amene ndinawaona ine ankakuwa pa nthawi yokuwa n'kukhala chete pa nthawi yomvera. Amene analephera zimenezi ndi munthu wa imvi kumutu, ndipo ndi zamanyazi kuti mwana wa zaka 11 ndi amene anandinong'oneza kufunsa chifukwa chimene bamboyo anagulira tikiti.

Ndipo kunyoza anthu opanga nyimbo za seweroli sikunayambe ndi bambo ameneyu. Nyimbo yotsegulira ija, imene dziko lonse limaizindikira ikangoyamba, anailemba papepala ndi Ron Grainer mu 1963, koma amene anaipatsa kamvekedwe kodabwitsa kaja ndi Delia Derbyshire wa ku BBC Radiophonic Workshop, chipinda cha BBC chimene ankapangiramo nyimbo ndi makina a magetsi. Mayiyu analibe kompyuta. Anajambula liwu la nsambo imodzi ndi malikhweru a makina a magetsi, n'kumadula tepi ndi manja, kulumikiza tizidutswa liwu ndi liwu mpaka nyimbo inaima. Grainer mwini anafuna kuti dzina la mayiyu lilembedwe pamodzi ndi lake, koma mwambo wa nthawiyo unali wakuti ogwira ntchito m'chipinda chimenecho asamatchulidwe maina. Anamwalira mu 2001, ndipo dzina lake linadzaoneka pa kanema wa seweroli mu 2013, patapita zaka 50 chigwirireni ntchitoyo, mwini wake ali kale m'manda kwa zaka 12!