Mankhwala a bipolar sasintha DNA, koma pali pamene tiyenera kusamala

Anzanga a ku Chigwa, ndatopa nayo mphekesera yoti mankhwala a bipolar "amasintha DNA", ndiye woyamba kumwa amasanduka munthu wina mpaka kuwononga mtundu. Wina akangoona kavidiyo pa WhatsApp, basi akuuza mlongo wake kuti akataye mapiritsi m'chimbudzi. Nkhaniyi ili ndi kachoonadi pang'ono, koma yatiopseza pamalo polakwika.

Bipolar ndi matenda aja oti munthu amatha sabata osagona, kulankhula osapuma, kugulitsa mbuzi zonse kuti ayambe mabizinesi atatu tsiku limodzi. Kenako n'kudzitsekera m'nyumba miyezi, ngakhale kusamba osafuna. Mankhwala ake odziwika ndi lithium, sodium valproate ndi carbamazepine. Awiri omalizawa ndi amene timawaona kwambiri kuno, chifukwa amapatsidwanso kwa odwala khunyu.

Munthu ali ndi ma gene (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo oyendetsera thupi) pafupifupi 20,000, ndipo amene ali m'maselo a ubongo ndi omwewonso ali m'chiwindi. Chosiyana n'chakuti ena akugwira ntchito, ena ali phee. Amene munalimapo mpunga ku sikimu ya Muona mukudziwa: ngalande zinakumbidwa kale, sizisuntha, koma madzi amapita kumene geti latsegulidwa. Mankhwalawa amagwira mageti, sakumba ngalande zatsopano. DNA imene munabadwa nayo imakhala yomweyo.

Lithium anayamba kumuyesa pa odwalawa ndi dokotala wa ku Australia, John Cade, amene analengeza zotsatira zake mu 1949. Mu 1996 m'pamene zinadziwika kuti amafooketsa enzyme (puloteni yogwira ntchito m'maselo) yotchedwa GSK-3, imene imalamulira ma gene ambiri, ndipo maselo amayamba kupanga mapuloteni ochuluka oteteza ubongo monga BDNF. Za valproate zinatulukira mu 2001. DNA imakhala yokulungidwa pa timapuloteni, ndipo enzyme ya HDAC ndi imene imamangitsa mkulungowo kuti ma gene ena asawerengeke. Valproate amaigwira manja HDAC, mkulungo n'kumasuka. Zoterezi sizichitika usiku umodzi, choncho amene wamwa masiku anayi n'kunena kuti "sakugwira" wafulumira.

Tsopano poopsa penipeni. Mwana akamaumbika m'mimba, ma gene amatseguka ndi kutsekeka motsatana bwino lomwe, ndipo valproate amasokoneza dongosolo limenelo. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene ankamwa valproate ali oyembekezera, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, ndipo 30 mpaka 40 amachedwa kuyenda, kulankhula kapena kugwira za kusukulu. Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Ku Ulaya anakhwimitsa malamulo mu 2018 kuti mtsikana kapena mayi wobereka asapatsidwe valproate popanda njira yodalirika yolera. Koma musandimve molakwika amayi: kusiya nokha mwadzidzidzi nakonso n'koopsa, matenda amabwerera mwaukali. Muthamangire kuchipatala akakusinthireni.

Carbamazepine ndiye amandisowetsa tulo. Iye amatsegula ma gene a m'chiwindi opanga enzyme ya CYP3A4, imene imaphwanya mankhwala. Pakatha masabata awiri kapena atatu chiwindi chimakhala chikugaya mwaliwiro, osati carbamazepine yekha ayi, komanso mankhwala ena amene munthu akumwa. Mapiritsi olera ndi njira ya pamkono ija zimachepa mphamvu, mayi n'kutenga mimba ali ndi Jadelle pamkono, apongozi n'kumamunena kuti ananama. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizikhudzidwa. Dolutegravir wa mu ma ARV aja a TLD nayenso amachepa m'magazi, moti dokotala amayenera kuwonjezera mlingo kapena kusintha mankhwala. LA wa malungo nayenso amachepa mphamvu. Ndiye taganizani mayi wa ku Makhanga kapena ku Bangula, udzudzu wa ku Elephant Marsh uli pakhomo, amamwa ma ARV, ali ndi njira ya pamkono, kenako wawonjezeredwa carbamazepine. Zonsezi zikukumana m'chiwindi chimodzi.

Apa ndi pamene ndimadandaula. Ma ARV ali ndi khomo lawo, zolera khomo lawo, a matenda a maganizo tsiku lawo. Wodwala, poopa kutchedwa wamisala, akafika kwa anamwino a zolera satchula mapiritsi enawo. Ena amafika posunga mabuku awiri a kuchipatala, lina loonetsa, lina lobisa pansi pa mphasa. Sindikuwaweruza, pakamwa pa anthu m'midzi mwathumu timapadziwa. Koma namwino sangalote zimene sanauzidwe, ndipo nayenso azifunsa, osangolemba n'kuitana wotsatira.

Lithium ndi nkhani ina, ya impso. Amatuluka m'thupi ndi mkodzo, choncho munthu akatuluka thukuta kwambiri, akatsegula m'mimba kapena akamamwa Brufen ndi diclofenac, lithium amaunjikana m'magazi. Kutentha kwa Okutobala ku Ngabu ndi ku Nsanje, kopitirira madigiri 40, si kosewera nako kwa munthu wodula nzimbe ku Nchalo kapena wopalasa kabaza. Manja akayamba kunjenjemera kwambiri, kusanza, kuyenda dzandidzandi, lilime kulemera, imeneyo ndi ya kuchipatala tsiku lomwelo. N'chifukwa chake lithium amafuna kuyezetsa magazi, impso ndi chithokomiro pafupipafupi.

Inu osamalira wodwala, lembani dzina la mankhwala ndi mlingo wake patsamba loyamba la buku, mujambulenso pafoni. Pa namondwe wa Freddy mu 2023 madzi anatenga mabuku ndi mapiritsi omwe, ndipo ku kampu munthu akangoti "timapiritsi toyera tija", palibe amene angadziwe ngati akunena carbamazepine kapena Panado.