Kampung Solor ndi Kampung Alor: kwina bwana amachita kutumizidwa, kwina amavoteredwa

Dzuwa likapendeka ku Kampung Solor, msewu umasanduka khitchini. Anthu amatulutsa matebulo ndi mipando yapulasitiki, kuyala nsomba za m'nyanja pa ayezi, makala n'kuyamba kuthetheka. Wogula amangoloza ndi chala imene waikonda, amvana mtengo, basi aipaka tsabola n'kuiika pamoto. Kadera kameneka kali m'mbali mwa nyanja mumzinda wa Kupang, likulu la chigawo cha Nusa Tenggara Timur ku Indonesia, ndipo dzina lake linachokera kwa Asilamu a pachilumba cha Solor amene anafika kuno pamodzi ndi Adatchi cha m'ma 1650.

Mukakwera basi m'mawa kulowera kum'mawa pachilumba cha Timor, pomwe pali Kupang, n'kudutsa chipata cha m'malire cha Motaain, mufika ku Dili, likulu la dziko la Timor-Leste, kutada kale. Kumeneko kulinso kadera ka m'mbali mwa nyanja kotchedwa Kampung Alor, komwe kuli mzikiti wa An-Nur, waukulu koposa m'dziko la Timor-Leste. Madera awiriwa ngofanana ngati mapasa: onse ndi kwawo kwa Asilamu okhala pakati pa Akhristu ochuluka, Apolotesitanti ku Kupang, Akatolika ku Dili. Pomwe asiyana ndi pa funso limene ine ndimaliona kuti ndi lalikulu m'dera lililonse la m'tauni: ngalande ikatsekeka kapena anansi akalimbirana malire a poloti, umagogoda pakhomo la ndani, nanga munthuyo anamuika pampando ndani?

Ku Kupang, Solor ndi limodzi mwa madera 51 otchedwa kelurahan. Mkulu wake, lurah, si mfumu ndipo savoteredwa. Ndi wogwira ntchito m'boma, wa yunifolomu ndi malipiro a pamwezi, amene meya amamutumiza ndipo angamusamutse tsiku lililonse. Chodabwitsa n'chakuti kumidzi ya Indonesia yomweyo anthu amaponya voti kusankha mkulu wa mudzi. A m'tauni okha ndiwo anamanidwa, ndipo lamulo la 1979, m'nthawi ya pulezidenti Suharto, ndi limene linakhazikitsa kusiyanaku m'dziko lonse.

Koma musafulumire kuwamvera chisoni. Pansi pa lurah pali timagulu ta nyumba makumi angapo totchedwa RT, ndipo ma RT angapo akaphatikizana amapanga RW. Wapampando wa RT amasankhidwa ndi anansi ake enieni, nthawi zambiri pabwalo la nyumba ya mmodzi wa iwo. Amene amadziwa kuti uje wamwalira, uje wabereka, lendi wa kuseri uja wasamuka usiku, ndi iyeyu. Kalata yokuperekeza ku ofesi ya lurah imayambira kwa iye, ndi chidindo chake. Amamema anthu kukalambula ngalande, amakonza zoti abambo azisinthana kulondera usiku, ndipo amayi a m'deramo amakhala ndi tsiku la sikelo mwezi uliwonse pa malo otchedwa posyandu. M'makwalala ambiri a ku Indonesia mumaona kachikwangwani kouza mlendo kuti akagona kupitirira maola 24 akadzionetsere kwa wapampandoyo.

Kachikwangwani kameneka ndi kamene kamaulula kumene dongosololi linachokera. Asilikali a ku Japan, pamene ankalamulira zilumbazi pakati pa 1942 ndi 1945, anabweretsa timagulu ta nyumba totchedwa tonarigumi kuti aziona bwino amene akulowa ndi kutuluka. Iwo atapita, boma la Indonesia linaona kuti chida n'chabwino, silinachitaye. Ndiye diso lomwe limaona kuti mwana wa uje wanyentchera ndi lomwelonso limaona kuti kwa uje kwagona munthu wachilendo.

Anthu a ku Dili diso limeneli analidziwa mowawa. Indonesia inalanda dziko lawo mu 1975 n'kulilamulira mpaka 1999, pamene anthu 78.5 pa 100 alionse anavotera kudziimira paokha. Ufulu utabwera pa 20 May 2002, anabwerera ku mayina akale: suku, lomwe ndi dera, ndi aldeia, timadera ting'onoting'ono ta m'kati mwake. Kampung Alor ndi suku, ndipo mkulu wake, xefe suku, amasankhidwa ndi anthu ngakhale kuli pakati pa likulu la dziko. Chisankho cha mu 2016 chinatsatiridwa ndi cha mu 2023. Pa khonsolo yake pamakhala akuluakulu a aldeia iliyonse, nthumwi za amayi, za achinyamata, ndi lia-na'in, mkulu wodziwa miyambo ndi kuweruza nkhani. Amayi pampando wapamwambawo akadali ochepa: mu 2016 anapambana 21 okha pa masuku 442.

Pa pepala, za ku Dili ndi zimene mtima wanga umakonda. Munthu amene mwamuvotera mumakumana naye kumaliro, mumam'funsa maso ndi maso, ndipo amadziwa kuti tsiku lina adzabweranso kudzapempha chala chanu. Lurah wa ku Kupang maso ake ali kwa meya, poti ndiye mwini mpando. Komabe voti simanga ngalande. Xefe suku si wogwira ntchito m'boma. Amalandira kangachepe ka pamwezi, ndipo za misewu, madzi ndi zinyalala zili m'manja mwa maofesi amene sangawalamule. Amamva madandaulo onse, makiyi ali kwa ena. Mnzake wa ku Kupang ali m'kati mwa boma lenilenilo, ali ndi alembi, ndipo kuyambira 2019 ma kelurahan anayamba kulandira thumba lawolawo la chitukuko kuchokera ku boma lalikulu ku Jakarta, patapita zaka zinayi midzi itayamba kulandira lake.

Pali zina zimene malire sanathe kuzidula. Timabasi ta ku Kupang, ma bemo, ndi ma mikrolet a ku Dili onse ndi amodzi: zithunzi thupi lonse, wailesi yogonthetsa m'khutu, kondakitala akulendewera pakhomo. Kungoti uku ulipira ma rupiah, uko ma centavo, omwe ndi masenti a dola, poti Timor-Leste imagwiritsa ntchito dola ya ku America. Mashopu a ku Dili adzaza ndi katundu wa ku Indonesia, ndipo chinenero cha ku Indonesia chimamveka ndithu m'misika yake.

Nyengo nayo sifunsa pasipoti. Pa 4 April 2021, Lamlungu la Pasaka, namondwe Seroja anagunda mizinda yonse iwiri. Ku Dili madzi a mitsinje anasefukira m'nyumba anthu ali otsekeredwa chifukwa cha Covid-19. Ku Kupang mphepo inasasula malata ndipo magetsi anazima kwa masiku. M'mawa mwake, amene ankayenda khomo ndi khomo ndi kope, kulemba amene denga lapita ndi amene akugona kutchalitchi, sanali lurah kapena xefe suku yekha. Anali a pansi penipeni aja, wapampando wa RT uku ndi xefe aldeia, mkulu wa aldeia, uko, onse awiri osankhidwa ndi anansi awo, naonso nyumba zawo zili m'matope.