Mpingo usamathere pa tsiku la ukwati

Mwalemba zoona kuti mpingo ndiwo umagwira mabanja, koma pali mbali imene mwailumpha. Mipingo yathu imalimbikira ukwati usanachitike: kulengeza mayina m'tchalitchi, chilangizo cha amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, ankhoswe kusaina. Phwando likangotha, zii. Banja lija adzalikumbukiranso tsiku limene mkazi wafika kwa abusa diso lili lotupa, ndipo yankho lake n'lodziwika kale: "Pirirani mayi, banja ndi kupirira." Nanga bamboyo amamulangiza ndani? Amayi amakumana sabata iliyonse, pomwe abambo ambiri amaonekera Lamulungu lokha, enanso amangoima pansi pa mtengo kudikira kuti ulaliki uthe.

Akatolika anachitako bwino ndi miphakati. Poti amapemphera m'makomo mosinthana, banja likayamba kugwedera anzawo amadziwa msanga.

Chinanso, abusa azifunsa zaka za mkwatibwi. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma ena akudalitsabe. Nanga mabanja amene bambo anapita ku Joni kalekale osabwerako, akulu a mpingo amawayendera?