Mtengo Mundipeze ku Inbox

Pali anthu ena amalemba pa Facebook kuti akugulitsa zikwangwani zakale zotsatsa malonda, koma ukafika pakhomo pawo umapeza kuti chomwe amasowa ndi munthu wowamvetsera.

WOGULA: Odi kuno!

MADALA: Odini. Samalani mapaziwo, chimene mwapondacho ndi cha 1930.

WOGULA: Pepani madala, ndimayesa chopukutira nsapato.

MADALA: Ana a masiku ano. Mwabwera kudzagula kapena kudzaona?

WOGULA: Kudzagula. Chikwangwani cha Coca-Cola chija munaika chithunzi chake. Ndinafunsa mtengo, munati inbox. Ku inbox munati ndiimbe foni. Nditaimba munati ndibwere. Ndabwera tsopano. Ndalama zingati?

MADALA: Khalani pansi kaye.

WOGULA: Ndikufulumira, madala.

MADALA: Chikwangwanichi chakudikirani kuyambira 1850, inu mukulephera kudikira mphindi zisanu?

WOGULA: 1850?

MADALA: Mwamva bwino.

WOGULA: Komatu Coca-Cola anayamba kupangidwa mu 1886, ku Atlanta, ndi John Pemberton.

MADALA: Mwaonatu? N'chifukwa chake n'chosowa. Cha pambuyo pa 1886 aliyense ali nacho. Cha kampani isanabadwe ndili nacho ndine ndekha.

WOGULA: Nanga botolo lajambulidwapoli, lachiuno chonchi? Limeneli linakonzedwa mu 1915 ndi a Root Glass Company ku Indiana.

MADALA: Wojambulayo anali ndi masomphenya.

WOGULA: Chabwino. Mtengo wa masomphenyawo ndi zingati?

MADALA: Inu mwatenga zingati?

WOGULA: Mwini katundu ndiye amatchula.

MADALA: Ine ndikatchula mukomoka, ndipo ndilibe galimoto yokuthamangitsirani kuchipatala. Tchulani inu.

(Wogula awanong'oneza kukhutu. Madala aseka mpaka kutsokomola.)

MADALA: Achimwene, imeneyo ndi ya dzimbiri la pakona iyi yokha. Munthu wina wa ku London anandilonjeza kuwirikiza kakhumi pamenepo.

WOGULA: Bwanji simunamugulitse?

MADALA: Maso ake sanandisangalatse. Amaoneka munthu woti akachikhomera kubafa.

(Aliyense wa anthu amenewa ali ndi munthu wake wa ku London. Palibe amene anamuonapo, ngakhale akazi awo.)

WOGULA: Ndichigwireko kaye.

MADALA: Gwirani ndi maso.

WOGULA: Madala, chikwangwani chenicheni cha enamel chimadziwika ndi chala. Ankatenga galasi lopera ngati ufa, n'kulithira pachitsulo, n'kuwotcha m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 800. Mtundu uliwonse unkawotchedwa pawokha. Ndiye ukayendetsa chala umamva kamtunda pamene chofiira chakumana ndi choyera.

MADALA: Mukundiphunzitsa ine? Ine amene ndikudziwa kuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, 1939 mpaka 1945, zambiri anazisungunula pofuna chitsulo cha zida? Ndipo nkhondo itatha pulasitiki anabwera kudzamaliza zotsalazo. Ichi chinathawa zonsezo.

WOGULA: Zoona zimenezo. Ndiye ndichigwire.

MADALA: Chala chimodzi. Chaching'onocho.

WOGULA: Hmm. Ndi see ngati tebulo. Palibe kamtunda paliponse.

MADALA: Zitunda zinatha ndi ukalamba. Ngakhale ine ndinali ndi tsitsi.

WOGULA: Chikupepukanso, chikuchita kugwedera ngati lata. Cha enamel cha msinkhu uwu munthu umachinyamula ndi manja awiri, ukuchita kubuula.

MADALA: Chinaonda. Zaka zonsezi mukuganiza kuti chingakhale ndi thupi lomwe lija?

WOGULA: Nanga dzimbirili? Taonani latsalira kuchala kwanga. Pa chenicheni dzimbiri limagwira pamene galasi lathetheka, m'mabowo a misomali ndi m'mphepete, ndipo limakhala lakuda, louma gwa. Ili ndi lofiirira, lafalikira paliponse mofanana ngati anachita kupaka. Likununkhanso viniga.

MADALA: Anthu akale ankasunga zinthu ndi viniga.

WOGULA: Zikwangwani?

MADALA: Inu munalipo?

WOGULA: Ayi.

MADALA: Ndiye musatsutse zinthu zomwe simunaone.

WOGULA: Tiyeni tione china. Ichi cha Shell mukuti n'cha liti?

MADALA: 1920. Agogo a munthu amene anandigulitsa anachichotsa okha pamalo omwetsera mafuta.

WOGULA: Chigoba chojambulidwa motere, chopanda timizere tambirimbiri, anakonza ndi Raymond Loewy mu 1971.

MADALA: Ndiye kuti Loewy wanuyo anakopera pa changachi. Mundipatse nambala yake.

WOGULA: Anamwalira mu 1986.

MADALA: Wapulumuka.

(Wogula atulutsa kamaginito m'thumba, akaika pachikwangwani. Kagwa pansi.)

WOGULA: Mwaona? Sichikukoka. Si chitsulo ichi, ndi aluminiyamu. Ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Ili ndi penti.

MADALA: Maginito anuwo ndi atsopano. Sangadziwane ndi chitsulo cha 1920.

WOGULA: Maginito alibe msinkhu, madala.

MADALA: Chilichonse chili ndi msinkhu. Tolani kanthu kanuko, kangandikandire pansi.

WOGULA: Nanga uyu wa Michelin bwanji ali wakuda? Bibendum, chimunthu cha matayalachi, kuyambira 1898 amakhala woyera, popeza matayala a nthawi imeneyo anali otuwa.

MADALA: Ndinamukonza ndine. Munaliona kuti tayala loyera?

WOGULA: Munapaka penti pachinthu chomwe mukuti n'chakale?

MADALA: Kawiri. Koyamba sikanagwire bwino.

WOGULA: Madala, otolera zinthu zakale amafuna chinthu mmene chinalili, ndi zipsera zake zomwe. Mukapaka penti mwapha mtengo.

MADALA: Ndaphanji, poti mtengowo sindinatchule?

(Apa wogula akhala chete pang'ono, chifukwa mfundoyi ilibe poigwira.)

WOGULA: Tibwerere ku cha Coca-Cola chija. Ndichitembenuze ndione kumbuyo.

MADALA: Kumbuyo mukufunako chiyani? Mukachikhoma pakhoma muziona kumbuyo?

WOGULA: Ndingoona basi.

MADALA: Munthu wa ku London sanaone kumbuyo.

WOGULA: Mwina n'chifukwa chake analonjeza zambiri. Eee! Madala, iyi si barcode iyi?

MADALA: Makwinya amenewo.

WOGULA: Makwinya okhala ndi manambala kunsi kwake? Barcode inayamba kugwira ntchito m'sitolo mu 1974, ku Ohio.

MADALA: Inayamba kugwira ntchito. Koma isanapeze ntchito inali kuti? Inali pano.

WOGULA: Nanga apa palembedwa kuti www?

MADALA: Ndi amisiri amene anachipanga. Anali atatu pachibale, onse mayina awo oyamba ndi W.

WOGULA: Nanga dot com?

MADALA: Bambo awo.

(Mayi atulukira kuchokera m'nyumba, atanyamula tsache.)

MAYI: Takulandirani, bambo. Mwabwera kudzagula? Ambuye akudalitseni. Tengani zonse. Ngati mulibe chonyamulira ndikubwerekani wilibala.

MADALA: Mayi, izi ndi nkhani za bizinesi.

MAYI: Bizinesi yanji yosagulitsa kanthu zaka khumi ndi ziwiri? Kuchipinda cha alendo kuli zikwangwani. Pansi pa bedi kuli zikwangwani. Usiku ndikadzuka ndimapunthwa pa Texaco. Ana athu anaphunzira kuwerenga ndi mawu oti Esso.

MADALA: Ndipo anakhoza mayeso.

WOGULA: Dikirani kaye. Madala, kachithunzi aka kokanda ndi msomali kumbuyoku, ka munthu wa mutu waukulu ndi miyendo itatu...

MADALA: Chidindo cha fakitale.

WOGULA: Anajambula ndi mwana wanga.

MADALA: Mwati?

WOGULA: Chikwangwanichi chinali changa. Ndinachigula chatsopano, chili m'pepala lake, zaka zitatu zapitazo. Ndinkafuna chizioneka chakale pabalaza, ndiye ndinachikwecha ndi sandipepa, ndinachinyika mu viniga ndi mchere, n'kuchikwirira kuseri kwa nyumba masabata atatu. Akazi anga anachitaya chifukwa cha fungo.

MAYI: Akazi anuwo ndi anzeru. Mukawapatse moni.

WOGULA: Ndiye mwamva, madala? Si cha 1850.

MADALA: Ndamva. Mtengo wakwera.

WOGULA: Wakwera bwanji?

MADALA: Poyamba mbiri yake inali yongomva. Tsopano mwini wake woyamba wapezeka, ali moyo, waima pompano. Pa malonda a zinthu zakale chinthu chodziwika kumene chinachokera chimadula. Mundilembere kakalata, musayine.

WOGULA: Ndilembe kuti n'chabodza?

MADALA: Mulembe kuti chinakumbidwa pansi. Si munachikwirira?

WOGULA: Masabata atatu!

MADALA: Za masabata musalembe, pepala lingathe.

WOGULA: Ine ndapita, madala. Tsalani bwino, mayi.

(Potuluka aima pafupi ndi kanyumba ka galu. Agwada. Galu amuyang'ana, iye ayang'ana khoma la kanyumbako.)

WOGULA: Madala, ichi mwatsekera galuchi n'chiyani?

MADALA: Chiphakasa chimenecho. Cholemera ngati tchimo, chothethekathetheka m'mphepete, ukachipukuta dzimbiri lake silichoka n'komwe. Ndinachipeza m'mulu wa zitsulo, anangondiwonjezera.

WOGULA: Palembedwa Mobilgas. Hatchi yofiira yamapiko, ya m'zaka za m'ma 1930 kupita m'tsogolo. Taonani maginito akakamira! Kamtunda ndikukamva apa, pamalire a chofiira ndi choyera. Mabowo ake ali ndi timphete tamkuwa. Madala, pa zonse zili pano chenicheni ndi ichi chokha!

MADALA: Ndimadziwa.

MAYI: Mumadziwa? Si inu munati n'chonyansa, chikhale kwa galu?

MADALA: Ndinachiika kwa galu kuti azichilondera.

WOGULA: Ndigulitseni chimenechi. Ndiwirikiza kasanu zija ndinanong'ona.

MADALA: Sichili pa malonda.

MAYI: Bambo a ana!

MADALA: Munthu wa ku London...

MAYI: Mukamutchulanso ameneyo mukagona naye kwa galu komweko.

WOGULA: Kakhumi. Koma ndichione chonse kaye. Mutu wa hatchiyi uli kuti? Walowa pansi pa dengali?

(Bata. Galu alowa m'kati mwa kanyumba kake, ngati akudziwa kanthu.)

MAYI: Auzeni.

MADALA: Chinali chachitali. Denga silimakhala bwino.

WOGULA: Ndiye?

MAYI: Anadula ndi sowo. Tsiku lonse lathunthu, masowo atatu anathyoka. Ine ndikuti bambo, bwanji osangokweza denga? Akuti mkazi sadziwa za zomangamanga.

WOGULA: Mayo ine! Munadula mutu wa hatchi ya Mobil?

MADALA: Khosi linatsalako pang'ono.

WOGULA: Mutuwo uli kuti? Mwina wodziwa ntchito angalumikize.

MAYI: Ndimawolera zinyalala. Ndi uwu ndanyamula pamodzi ndi tsachewu.

WOGULA: Madala, mwawononga chinthu chomwe chinapulumuka nkhondo.

MADALA: Inu mumaona kuwonongeka, ine ndimaona zinthu ziwiri. Dzulo ndinali ndi chikwangwani chimodzi cha Mobil, lero ndili ndi ziwiri. Ndipo tandiuzani, pa Facebook ponse munaonapo hatchi ya Mobil yopanda mutu?

WOGULA: Ayi.

MADALA: Yosowa.

WOGULA: Chabwino. Thupi ndi mutu pamodzi, zingati?

MADALA: Sizigulitsidwa pamodzi. Mutu ndi wa mayi.

MAYI: Tengani ulere, bambo, bola mundigulire chowolera china.

MADALA: Mayi, musagwetse msika.

WOGULA: Nanga thupi lokha?

MADALA: Galu agona pati? Inu mulibe chisoni ndi nyama?

WOGULA: Ndimumangira kanyumba kena, ka njerwa.

MADALA: Anazolowera hatchi.

WOGULA: Madala, tanenani zoona. Pano pali chinthu ngakhale chimodzi chomwe mukugulitsa?

MADALA: Zonse.

WOGULA: Zingati?

MADALA: Inu mwatenga zingati?

(Wogula atola maginito ake, ayamba ulendo osatsanzika. Wafika pageti.)

MADALA: Achimwene! Achimwene! Polowa paja munaponda cha 1930. Potulukanso mwachipondanso. Kuponda kuli ndi mtengo wake.

WOGULA: Zingati?

MADALA: Mundipeze ku inbox.