Mayi akakhala ku leba, muzimuuza zomwe zikuchitika

Papita masabata 6 chibadwire mwana wanga woyamba. Anthu akandifunsa kuti zinayenda bwanji ndimayankha kuti zinayenda bwino, poti ine ndili moyo ndipo mwana akuyamwa. Koma pali nkhani yomwe imandibwerera usiku uliwonse ndikadzuka kuyamwitsa, ndiye lero ndati ndiilembe pano, kapena azamba ndi anamwino ena angaiwerenge.

Matenda anandiyamba cha m'ma 11 usiku. Msana unkachita ngati ukuthyoka, m'mimba mukumanga n'kumasula. Titafika kuchipatala, mzamba amene anandilandira anandiyeza BP, anamvetsera mtima wa mwana, anavala magolovesi n'kundiyeza njira. Atatha analemba papepala n'kuchoka. Sananditukwane ndipo sanandikalipire, ndisamunamizire. Anangokhala osayankhula nane. Ndinangomumva akuuza mnzake pakhomo kuti "ali pa 3." Ine sindinkadziwa kuti 3 ameneyu akuwerenga chiyani. Ndinagona pabedi paja usiku wonse ndikuganiza kuti kapena mwana wakhala molakwika, kapena pali china chomwe akundibisira. Ululu ukabwera ndinkauma thupi lonse ndi mantha, ndikagwira chitsulo cha bedi n'kumapemphera kuti mwana wanga asafere m'mimba.

Kutacha kunabwera mzamba wina, mayi wachikulire. Anaima pafupi ndi mutu wanga, nandiitana dzina, n'kunena kuti, "Mayi, ndikufuna ndikuyezeni njira, mundilola?" Atandiyeza anati, "Mwafika pa 6. Khomo la chiberekero limayenera kutseguka masentimita 10 kuti mwana adutse. Usiku munali pa 3, ndiye mukuyenda bwino. Mwana woyamba amatero, kumayambiriro amachedwa." Anamvetsera mtima wa mwana n'kundiuza kuti ukugunda ka 140 pa mphindi, ndipo kuti pakati pa 110 ndi 160 ndi pabwino. Anandiuza kuti ndidzuke ndiziyendayenda, ndimwe madzi, ndikatopa ndigonere m'mbali osati chagada. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndidzakuyezaninso pakatha maola anayi. Koma nsupa ikasweka, mukaona magazi, kapena mukamva ngati mukufuna kuchita chimbudzi, mundiitane nthawi yomweyo."

Zonsezi sizinamutengere mphindi zitatu. Ululu sunachepe ayi, unachita kuwonjezeka kuposa wa usiku uja. Koma tsopano ndinkadziwa kuti kumanga kulikonse kukutsegula njira, ndipo ndinkadziwa nambala yomwe tikulowera. Ndinasiya kulimbana ndi thupi langa, ndinayamba kupuma monga anandionetsera.

Maganizo anga ndi akuti kumufotokozera mayi zomwe zikuchitika ndi mbali ya chithandizo, chimodzimodzi dilipi ndi jakisoni. Mzamba asamakuone ngati ulemu wapadera womwe angapereke tsiku lomwe wadzuka bwino. Ndipo si ine ndayamba kunena zimenezi. Mu 2018 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo 56 a kasamalidwe ka mayi pa nthawi yobereka. Mwa malangizowo muli oti azaumoyo aziyankhula ndi mayi m'mawu osavuta kumva, oti mayi azikhala ndi munthu amene wamusankha yekha pambali pake, oti asamamukanikize pamimba pofuna kutulutsa mwana, komanso oti kucheka njira kusamachitike kwa mayi aliyense ngati chizolowezi. Malangizo omwewo ananenanso kuti kuyembekezera kuti khomo lizitseguka sentimita imodzi pa ola lililonse sikugwirizana ndi mmene matupi a amayi ambiri amayendera, ndiye kuchedwa kokha si chifukwa chothamangira kufulumizitsa matenda ndi mankhwala. Ine ndikanauzidwa chinthu chimodzi chokhachi usiku uja, ndikanapuma.

Ndikudziwa zomwe azamba anganene, ndipo ndikuwamvetsa chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Mzamba wa usiku uja ankathamanga pakati pa mabedi angapo, uyu akukuwa, uyo nsupa yasweka, winanso akungofika. Munthu wotopa chotero mawu amamuthera. Sindikumusungira mangawa. Koma ndikukana kuti kufotokoza kumadya nthawi. Mayi amene sakudziwa chomwe chikuchitika amaitana kakhumi pa zinthu zosafunika, kapena amachita choopsa kuposa pamenepo, amakhala chete pa zinthu zofunika chifukwa akuopa kuvutitsa. Mutu ukamuwawa kwambiri, maso akayamba kuchita chidima, iye amaganiza kuti ndi mmene kubereka kumakhalira, chonsecho zimenezi zitha kukhala zizindikiro za kukwera kwa BP komwe kumafikitsa mayi pokomoka. Mayi wouzidwa amakhala diso lachiwiri la mzamba, amadziyang'anira yekha pomwe mzambayo ali pa bedi lina.

Nthawi yotchima itakwana, mayi wachikulire uja anali nane. Ankandiuza poti nditchime ndi poti ndileke, ndipo mutu utayamba kuoneka anati ndizingopuma mwawefuwefu kuti utuluke pang'onopang'ono. Mwana atalira anamupukuta n'kumugoneka pachifuwa panga, thupi lake likukhudza langa, natifunda tonse. Anadikira kaye pang'ono asanadule mchombo, nandiuza kuti akufuna magazi otsalira alowe mwa mwana. Pondibaya jakisoni pantchafu anati, "Uyu ndi wothandiza chiberekero kumanga kuti nsengwa ituluke ndipo musataye magazi ambiri." Kutaya magazi mayi atachira ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapha amayi ambiri pa dziko lonse, ndipo azaumoyo amakuwerengera kuyambira theka la lita. Ine theka la lita sindikanatha kuliyeza, koma anandipatsa muyeso womwe ndikanaumva: nsalu ikanyowa msanga, kapena mukamva chizungulire, itanani. Anandigwiritsanso dzanja pansi pa mchombo wanga kuti ndimve chiberekero chili gwa, n'kuti chikafewa ndizichisisita ndi kuitana. Ndinang'ambika pang'ono, ndipo asanandisoke anandiuza, nandibaya mankhwala ochititsa dzanzi. Ola loyamba lisanathe mwana anali pabere, akuyamwa mkaka woyamba wachikasu uja.

Za munthu wokhala nawe pambali ndinenepo pang'ono. Amuna anga anatsala panja, ndipo chifukwa chake ndikuchimvetsa, m'chipindamo munali amayi ena osavala. Komabe mayi wanga kapena mchemwali wanga akanatha kuloledwa, wondisisita msana, wondipatsa madzi, womva zomwe mzamba wanena pomwe ine mutu wasokonezeka ndi ululu.

Mlanduwu si wa kuchipatala kokha. Nafenso amayi amene tinadutsamo timabisirana. Ndili woyembekezera ndinafunsa amayi angapo amene ndimawalemekeza kuti ku leba kumachitika zotani, ndipo yankho linali limodzi: ukaziona konko. Ena amatero pofuna kuti usachite mantha, ndikudziwa. Koma mantha amene ndinali nawo usiku uja anachokera m'kusadziwa komweko. Ku sikelo ndinaphunzira zambiri za kadyedwe, za mankhwala owonjezera magazi ndi za zovala zokonzera mwana, koma palibe anandiuza za masentimita 10, za nsengwa, kapena kuti mwana akabadwa m'mimba mumapwetekabe poyamwitsa chifukwa chiberekero chikubwerera m'malo mwake. Mng'ono wanga ali ndi pakati panopa, ndipo ndakhala naye pansi n'kumufotokozera zonse, kuyambira chizindikiro choyamba mpaka kusokedwa. Ndamuuzanso kuti akamuyeza azifunsa kuti, "Ndili pa zingati? Mtima wa mwana uli bwanji? Jakisoni ameneyu ndi wa chiyani?" Kufunsa chotere si mwano.

Pa bedi loyandikana ndi langa panali mtsikana wamng'ono kwa ine, nayenso mwana woyamba. Usiku wonse ankangoti ndifa, ndifa. M'mamawa anabwera anthu angapo, anayankhulana okhaokha pamwamba pake, anamupatsa pepala kuti asayine, n'kumukweza pa machira opita ku opaleshoni. Akumudutsitsa anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, "Achemwali, akukandichita chiyani?" Ndinalibe chomuyankha. Sindikukayika kuti opaleshoniyo inapulumutsa iye ndi mwana wake, ndipo pa changu chotero nthawi yofotokoza imachepadi. Koma tsiku lotsatira, ndikukonzeka kutuluka, ndinapita kukamuona. Anali atagona, dilipi ili pamkono, mwana wake wokongola ali pambali. Ndinamufunsa chomwe chinavuta, poti chifukwa cha opaleshoni yoyamba ndi chomwe adzamufunse akadzatenganso pakati, pofuna kuona njira yomwe angadzachirire. Panali patadutsa tsiku lathunthu, anthu ambiri ovala zoyera atadutsa pa bedi lake, koma anangopukusa mutu n'kuti, "Sanandiuze."