Maganizo anga: tisamathamangire kukoka phazi la munthu amene wabinya

Mvula ikakhazikika kuno ku Mzuzu, tinjira totsetsereka ta ku Masasa, Ching'ambo ndi Mchengautuba timaterera kwambiri, ndipo si zachilendo kuona mayi amene wasenza ndowa ya madzi ataponda molakwika, kapena mnyamata akutsika pa njinga ya kabaza phazi n'kupindikira m'kati. Pa mabwalo a mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye zoterezi zimachitika chaka chonse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zimene ife oima pambali timachita munthuyo akangogwa. Wina amamugwira m'mapewa, wina amakoka phazi mwamphamvu kuti akuti libwerere m'malo mwake, ndipo madzulo amamuthowa ndi madzi otentha mpaka khungu kufiira. Onsewa amachita ndi mtima wabwino, koma palibe amene amayamba wafunsa ngati fupa lili lamphumphu.

Munthu akabinya pa kakolo, chimene chavulala ndi mitsempha yolimba imene imamanga mafupa pa mfundoyo, makamaka ya mbali yakunja, chifukwa kawirikawiri phazi limapindikira m'kati. Mitsemphayo imakhala itatamuka mopitirira muyeso kapena itang'ambika, choncho palibe chimene chachoka m'malo choti n'kuchibwezera pokoka. Ngati m'katimo muli fupa lothyoka, kukokako kumasuntha zidutswa zimene mwina zikanalumikizana bwinobwino m'chikhakha, ndipo kungathe kuvulaza mitsempha ya magazi. Madzi otentha nawo, m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, amangowonjezera kutupa.

Sindikunena kuti aliyense wobinya athamangire kuchipatala. Ambiri amachira kunyumba pakatha milungu yochepa. Koma pali njira yosavuta yosiyanitsira amene angadikire ndi amene ayenera kukajambulidwa, ndipo ndikanakonda aphunzitsi a masewera, makolo ndi akabaza onse ataidziwa. Madokotala a mumzinda wa Ottawa ku Canada anaifalitsa m'chaka cha 1992, ndipo zipatala za m'mayiko ambiri zimaigwiritsa ntchito poganizira ngati munthu akufunika X-ray.

Choyamba ndi kuona ngati wovulalayo angathe kuponda pansi n'kuyenda mapazi anayi, ngakhale motsimphina. Ngati walephera atangovulala ndipo akulepherabe pakapita kanthawi, ameneyo ndi wa kuchipatala. Chachiwiri ndi kudina ndi chala pa fupa penipeni. Pa kakolo pali mafupa awiri otumphuka, lina kunja lina m'kati. Dinani pansonga pa lililonse, kenaka tsatirani m'mphepete mwake chakumbuyo, kukwera m'mwamba masentimita 6. Dinaninso kafupa kotumphuka kamene kali m'mbali mwa phazi, chapakati, mu mzere wa chala chaching'ono, komanso fupa la mbali yam'kati limene lili kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Munthu akadzidzimuka ndi ululu pamene mwadina fupa, osati pa mnofu wotupa wa m'munsi mwake, musamuthowe, musamukoke, mupite naye akamujambule.

Mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Akanathyoka sakanayenda." Mawu amenewa alemaza anthu. Fupa laling'ono lakunja kwa mwendo limanyamula gawo lochepa chabe la kulemera kwa thupi, motero munthu wopirira amatha kuyenda nalo lili lothyoka, kupita kumsika, kukwera mapiri athuwa, mpaka litalumikizana mokhota. N'chifukwa chake kuyenda kokha sikokwanira, kudina fupa kuja n'kofunikanso.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna n'kuyesa komwe, ndiponso sizidikira kuti kuche. Phazi likaoneka lokhota kapena lotembenuka poliyerekeza ndi linzake, pakakhala bala pamalo potupapo, kapena zala zikachita dzanzi, kuzizira, kutuwa kapena kuda, munthuyo anyamulidwe nthawi yomweyo. Mwendo umangidwe mmene ulili ndi katoni yolimba kapena timatabwa ndi chitenje, ndipo bala liphimbidwe ndi nsalu yoyera. Pano ndiyankhule mwaulemu kwa akuluakulu athu amene amakhulupirira kutema mphini: khungu lotupa likachekedwa pamwamba pa fupa lothyoka, tizilombo timapeza khomo lolowera mpaka ku fupa, ndipo matenda a m'fupa amatenga miyezi kuti achire.

Ana, okalamba ndi odwala matenda a shuga ndimawaika padera. Mafupa a mwana amakhala ndi malo ofewa kumapeto kumene amakulira, ndipo malo amenewa ndi osalimba kuposa mitsempha, kotero chimene kwa wamkulu chikanakhala kubinya, kwa mwana chimatha kukhala kuthyoka. Agogo athu, makamaka amayi amene anasiya kusamba, mafupa awo amathyoka ngakhale atagwa pang'ono pakhonde. Wodwala shuga kwa zaka zambiri mapazi ake samva ululu mokwanira, ndiye akanena kuti sizikupweteka kwambiri tisamangovomera.

Amene wayenda mapazi anayi aja, fupa silikupweteka podina, ndipo phazi lili lowongoka, apumule. Agone n'kutsamiritsa mwendo pa pilo kuti ukwere kuposa chifuwa, aikepo chozizira kwa mphindi 15 mpaka 20 pakadutsa maola awiri kapena atatu alionse. Kopanda firiji, mafirizesi ogula pagolosale okulungidwa m'kansalu amagwira ntchito yomweyo, bola asakhudze khungu mwachindunji. Bandeji amangidwe mogwira koma osafinya, moti zala zikayamba dzanzi amasulidwe. Panado amathandiza pa ululu, koma bufeni amene timakonda kugula mwachisawawa si wabwino kwa amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena pathupi. Pakatha masiku awiri kapena atatu ayambe kugwedeza phazi pang'onopang'ono ndi kuponda monga mmene angathere. Sabata ikatha popanda kusintha, kapena katumba akatupa n'kumatentha ndi kupweteka, kapenanso thupi likatentha, kudikira kwakwana.

Ndikudziwa chimene chimatibweza m'mbuyo. Pamafunika ndalama yoyendera, pamzere pamakhala anthu ambiri, ndipo wogulitsa tomato akatseka benchi tsiku limodzi ana amagona ndi njala. Koma fupa la pa kakolo likagwidwa msanga nthawi zambiri limalumikizana m'chikhakha pa milungu pafupifupi 6, pamene lolumikizana mokhota lingafune opaleshoni, apo ayi munthu amatsimphina moyo wake wonse. Dziko lathu lakhala likuphunzitsa ma orthopaedic clinical officer, amene ntchito yawo ndi mafupa, kuyambira m'chaka cha 1985. Tengani buku lanu la kuchipatala, yambirani pa chipatala chaching'ono monga cha Mapale, ndipo akaona kuti n'koyenera adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital.

Kwa osewera mpira ndili ndi pempho lapadera. Ululu umatha msanga mitsempha isanalimbe, ndipo amene amabwerera m'bwalo atangomanga bandeji ndi amene amabinya pamalo omwewo mobwerezabwereza. Musanavalenso nsapato zampira, yesani kuima ndi mwendo wovulalawo wokha kwa theka la mphindi, kenaka kudumpha nawo kangapo. Ngati ukugwedera, ukupweteka kapena ukukhala ngati ukufuna kupindikanso, pemphani kuonana ndi a physiotherapy kuti akuphunzitseni zolimbitsa kakoloko, ndipo mphunzitsi wanu aike wina pamalo panu kufikira mutalimba.